Kodi walanti ya galimoto yakale imathandizadi kuno ku Chipata?

Abale anga, ndithandizeni nzeru. Ndakhala ndikusunga ndalama zaka 3 kuti ndigule Subaru Impreza WRX, ndipo ndapeza ziwiri. Ina ili pa yadi ina yogulitsira magalimoto ku Lusaka. Akuti anaiyeza yonse ndipo akupereka walanti (lonjezo loti ikawonongeka adzaikonza) ya miyezi 6 pa injini ndi giyabokosi. Inayo ndi ya bambo wina konkuno ku Kapata, yotsikirapo mtengo ndithu, koma ndikangolipira, zonse zili kwa ine.

Ya ku Kapatayo tinailiza m'mamawa injini isanatenthe, kumbuyo kunatuluka kautsi kabuluu, makaniko wanga n'kungopukusa mutu. Akuti mwina turbo (chipangizo chowonjezera mphamvu ya injini) yayamba kudya oyilo.

Koma pepala la walanti nalonso landisowetsa mtendere. Likuti sevisi izichitikira kwa iwo okha, pomwe Lusaka ndi makilomita oposa 500 kuchokera kuno. Nanga ikandifera ku Nyimba kapena pa mlatho wa Luangwa, adzalipira zoikoka ndani? Turbo ndi kilachi sanazitchule n'komwe.

Inu amene munagulapo ndi walanti, itawonongeka anakukonzeranidi? Kapena ndalama yowonjezerayo ndingoisungira masipeya?