Tinakumanadi ku Senga Bay, zikomo nonse

Abale, paja ndinafunsa kuti tingawasonkhanitse bwanji anzathu amene tinali nawo mukalabu ya achinyamata kwathu kuno ku Salima, poti anthu anamwazikana kalekale. Zikomo kwambiri nonse amene munandiyankha.

Tinatsatira nzeru ya achemwali aja amati titsegule gulupu ya WhatsApp, aliyense alowetsemo amene ali ndi nambala yake. Eee, mpaka ena ali ku Joni analowa! Ndalama tinasonkha pa Airtel Money ndi Mpamba, msungichuma nkumaponya pagulupu dzina la aliyense wapereka, ndiye panalibe zokayikirana.

Pomwe tinaphonya mpatsiku, tinasankha la anakubala, 15 Okutobala. Kunyanja kunali chinamtindi cha anthu, pokhala kuchita kulimbirana, galimoto zochokera pa Kamuzu Road nazo zodzadza. Inu sankhani tsiku lina, ndipo chambo mukagule m'mamawa asodzi akungofika kumene.

Koma kuseka kwake! Azibambo amimba kuyesa mpira pamchenga, mphindi 10 zokha onse wefuwefu. Amayi amene anali wapampando wathu, pano ndi agogo, anabwera ndi kaundula wakale uja, poitana mayina ena tinangoti zii, anatisiya kale osamva nkomwe.