Kujambula mawu opita ku hedifoni pofufuza vuto la mawu obwerera

Mlimi wa ku Ulongué:
Akuluakulu, pa ofesi yathu timayankhulana ndi anzathu a mumzinda wa Tete kudzera pa foni ya pakompyuta, koma mlembi wathu akamayankhula amamva mawu ake omwe akumubwerera m'khutu patapita kamphindi. Hedifoni yake ndi ya USB ndipo kompyuta ndi ya Windows. Ndikufuna kujambula mawu enieni amene kompyuta imatumiza ku hedifoniyo, koma ndikagwiritsa ntchito Stereo Mix, njira ya mu Windows yojambulira mawu amene kompyuta ikutulutsa, sipamveka chilichonse. Kodi pali njira ina?

Katswiri wa ku Moatize:
Achimwene, Stereo Mix imangomva zimene zikudutsa pa khadi ya mawu ya m'kati mwa kompyuta, pamene hedifoni ya USB ili ndi khadi yakeyake, n'chifukwa chake mukujambula chete. Ikani pulogalamu yaulere ya Audacity, m'menemo musankhe njira yojambulira yotchedwa Windows WASAPI, kenako pa malo a maikolofoni musankhe dzina la hedifoniyo limene lili ndi mawu akuti loopback. Yambani kujambula foni italumikizidwa kale, popeza njirayi siiyenda ngati palibe mawu amene akutuluka. Mawu a mlembi akapezeka m'zojambulazo, ndiye kuti akudutsa m'kompyuta, mwina akubwera kuchokera kunja kudzera pa intaneti. Akapanda kupezeka koma iye akuwamvabe, vuto lili m'hedifoni mwenimwenimo. Musaiwale kuwadziwitsa anzanuwo kuti mukujambula.

Mayi wa ku Zóbuè:
Ine ndikukayika ngati hedifoni ili ndi mlandu. Mawu amene hedifoni imabweza yokha amamveka nthawi yomweyo, osachedwa, pamene ochedwa amakhala atapita kutali n'kubwerera, kawirikawiri chifukwa sipika ya mbali inayo ikuwalowetsanso mu maikolofoni yawo. Musanavutike ndi mapulogalamu, apempheni a ku Tete atseke maikolofoni yawo kwa kanthawi mlembi akuyankhula. Mawuwo akasiya, mwapeza gwero. 

Mlimi wa ku Ulongué:
Zikomo nonse. Mawu a mlembi apezekadi m'zimene Audacity yajambula, ndipo anzathu atatseka maikolofoni vuto linatheratu. Iwo amaika laputopu pakati pa tebulo, sipika atakweza mpaka pamapeto kuti anthu onse amve. Kodi tiwagulire sipika ya misonkhano yochotsa mawu obwerera, kapena aliyense akhale ndi hedifoni yake?