Za malikisi a dibeti zija, nazi zomwe zachitika

Zikomo nonse munandiyankha nditafunsa ngati pa dibeti ya ana athu kuno ku Ntcheu tiziwinitsa wolankhula bwino kapena wa mfundo zomveka. Ndinatsatira aphunzitsi ena amene pondiyankha anati pepala la malikisi tiligawe pawiri, mbali ina kalankhulidwe, ina mfundo. Lachisanu tinayesa, mutu unali woti yunifomu ithetsedwe. Mnyamata wa Fomu 4 amene amatsutsa, Chizungu chake ngati madzi, anzake mpaka m'manja, koma atafunsidwa za makolo osowa ndalama anangozungulirazungulira. Kamtsikana ka Fomu 2 kachibwibwi ndi kamene kanayankha mfundo iliyonse, timu yake inawina, mnyamatayo tinampatsa mphoto ya wolankhula bwino. Koma majaji muziwafotokozera pepalalo dibeti isanayambe, mmodzi anasokoneza mbalizo tinawerengeranso mpaka 5 koloko.