Achimwene anali msilikali ku Iraq: VA idzawathandiza akabwerera kumudzi?

Nachisale wa ku Indiana:
Moni abale. Achimwene anga analowa usilikali wa America mu 2006 ali ndi green card, anagwira zaka zinayi, chimodzi anali ku Balad, ku Iraq. Chibwerereni amangotsokomola, usiku chifuwa chimachita kulira ngati mphaka. Panopa amayendetsa thiraki, inshulansi ya kuntchito ndi yodula, ndiye amangodalira mankhwala ogula okha. Ndikawatchulira za VA, nthambi ya boma la America yothandiza amene anali asilikali, amati, "Zimenezo n'za oduka miyendo, ine ndinabwerako wathunthu." Tsono akuti akufuna kukakhazikika ku Dedza, nyumba yatsala denga lokha. Kodi ngoyenera kulandira chithandizo? Nanga akapita kumudzi, chithandizocho chimathera pa eyapoti?

Mbewe wa ku Texas:
Achemwali, auzeni achimwenewo asiye makani. Inenso ndinavalapo yunifolomu. Kuti alandire chithandizo cha chipatala ku VA, amene analowa usilikali pambuyo pa 7 September 1980 amafunika akhale atagwira miyezi 24 yotsatizana, komanso asakhale wochotsedwa mwamanyazi, ija amati dishonorable. Iwowo zaka zinayi, apyola kale. Apeze chipepala chawo cha DD214, chija anapatsidwa pochoka usilikali, alembe fomu 10-10EZ yolembetsera chipatala cha VA pa intaneti, kulembetsako n'kwaulere.

Koma nkhani yaikulu ndi chifuwacho. Ku Balad kunali dzenje lalikulu lotenthera zinyalala, mapulasitiki, matayala, chilichonse, amachita kuthira mafuta a ndege. Lamulo la PACT Act la mu 2022 linati amene anali ku Iraq akapezeka ndi mphumu yoyamba atachoka usilikali, kapena matenda ena a m'mapapo ndi m'mphuno, boma lizingovomera kuti gwero lake ndi utsi umenewo. Safunikanso kupereka umboni woti utsiwo ndi umene unawadwalitsa.

Anaphiri Namwino:
Zoona a Mbewe, koma funso lachiwiri lija ndi pamene anthu amagwa napo. Kulembetsa chipatala ndi china, kupempha kuti matendawo alembedwe kuti anabwera chifukwa cha ntchito ndi chinanso, fomu yake ndi 21-526EZ. Ali ku America, VA iwaona pa chilichonse, kaya shuga kaya BP, ngakhale ena amalipirako pang'ono malinga ndi gulu limene aikidwa, magulu ake alipo 8. Akangotuluka m'dziko, chotsala ndi Foreign Medical Program, ndondomeko ya VA ya amene ali kunja, ndipo imeneyi imalipira matenda okhawo amene anavomerezedwa kuti ndi a kuntchito. Malungo akawagwira ku Dedza, imeneyo ndi ya m'thumba mwawo. Kiliniki ya VA kunja kwa America ili ku Manila basi.

Ndiye asakwere ndege asanapimidwe n'kupatsidwa maperesenti awo osonyeza kukula kwa matenda a kuntchitowo. Akafika kumudzi azisunga lisiti iliyonse ndi zimene dokotala walemba, chifukwa kawirikawiri umayamba walipira wekha n'kudzaitanitsa pambuyo. Mankhwalanso akhale ovomerezeka ndi FDA, bungwe la ku America loona za mankhwala, osangoti alionse a pa kauntala.

Nachisale wa ku Indiana:
Zikomo kwambiri. Nanga alamu anga, akazi awo, alowamo?

Mbewe wa ku Texas:
Ayi, pokhapokha achimwenewo atalembedwa kuti analumala kotheratu mpaka kalekale, apo ndiye pali CHAMPVA, chithandizo cha chipatala cha VA cha akazi ndi ana awo. DD214 ija ngati inasowa posamuka, aitanitse ina ku National Archives, kosungira zikalata za boma la America, salipiritsa. Muwakhalire pambali polemba, asilikalife tikafunsidwa kuti mukumva bwanji timangoti tili bwino.