Maboti obwera pa lole: tiziyang'ana pati asanalowe m'nyanja?

Mlembi wa BVC (komiti yoyang'anira usodzi padoko), ku Mtakataka:

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Padoko pathu timalandira maboti ndi maukonde ochokera ku Malombe, ku Chilwa, ena mpaka ku Shire, ambiri pa lole kudzera msewu wa M5. Komiti imangofunsa kalata ya kumene achokera ndi kuona maso a ukonde. Tsopano tikufuna tiziyang'ananso namasupuni ndi zina zobwera ndi boti. Kodi tiziyang'ana pati kwenikweni, titsuke ndi chiyani, ndipo boti lidikire masiku angati? Makina opopera madzi tilibe, tili ndi zidebe ndi dzuwa basi.

Makanika wa mainjini, Golomoti:

Achimwene, choyamba ndi malo. Lole isatsitsire boti pamchenga wa m'mphepete mwa madzi. Sankhani pamtunda, pamene madzi otsukira angalowe m'nthaka osayenderera kunyanja kapena kukhwawa. Mukatsukira pagombe ndiye kuti mwathandiza kuthira zomwe mumafuna kuletsa.

Kunja kwa boti n'kosavuta, aliyense amaona. Zobisala zimakhala m'kati. Tukulani matabwa opondapo, muyang'ane pansi pake ndi m'makona mwa nthiti za boti, muja mumakhala matope ndi madzi otsalira. Kapani madzi onse, matope muwapale, kenako boti mulivundikire kapena kulipendeketsa kuti likhe. Nangula ndi chingwe chake musaziiwale, chifukwa nangula amazula matope a pansi, ndipo njere ndi nkhono zimakhala m'matope momwemo. Nkhafi, chokapira madzi, masaka ndi pansi pa lole pomwe, zonse zionedwe.

Injini, kaya ndi Yamaha ya 15 kaya ya 40, imamwa madzi a m'nyanja kuti izizizira. Iimikeni chilili madzi a m'kati atuluke, chifukwa ikagonekedwa amatsalira. Chotsani udzu wokulungika kuseri kwa pulopela ndi pa timabowo tolowera madzi. Mukafuna kuitsuka m'kati, miizani mwendo wake m'mgolo wa madzi oyera mpaka timabowo timire, ndiye muilize mphindi ziwiri kapena zitatu. Musailize pouma ndi pang'ono pomwe: impeller, yomwe imapopa madzi oziziritsa injini, ndi ya labala, imapsa msanga, ndipo mwini boti adzakulipiritsani.

Za madzi otsukira, ku America komwe amalimbana ndi tinkhono totchedwa zebra mussel amagwiritsa madzi otentha madigiri 60 kwa masekondi 10 pamalo alionse. Popanda choyezera, sakanizani madzi owira ndi ozizira theka ndi theka, mufika pomwepo. Thirani pang'onopang'ono m'makona, osati kungowaza. Pokhapo pomata phula musachedwepo, limafewa.

Nachisale, mlangizi wa zausodzi:

Bambo makanika afotokoza bwino za boti, koma ine nkhawa yanga yaikulu ndi ukonde. Boti limauma msanga. Chilimira kapena khoka wopindidwa n'kuikidwa m'saka amakhala wonyowa m'kati masiku ambiri, ndipo ulendo wochokera ku Malombe ndi wa tsiku limodzi lokha. Chilichonse chamoyo chimafika chili bwinobwino.

Choncho ukonde utambasulidwe wonse, osati kungosuzumira pamwamba pa mulu. Anthu awiri aziyenda nawo mkono ndi mkono, kuthothola masamba, mizu ndi nkhono, makamaka m'thumba la ukonde ndi m'chingwe cham'munsi chomwe chimakwekwereza pansi. Namasupuni musamuyembekezere wamkulu wamaluwa ofiirira. Kamphukira kakang'ono kokhala ndi mizu yake yakuda ngati nthenga n'kokwanira. Chomerachi kwawo ndi ku South America, kuno chilibe adani ake achilengedwe okwanira, ndipo pamadzi ofunda odekha chimatha kuwirikiza kawiri m'masabata awiri. Njere zake zimakhala m'matope zaka 20 zili zamoyo. N'chifukwa chake matope ndimawaopa kuposa masamba. Kuipa kwake tonse tikukudziwa: chimatseka madoko, chimamana nsomba mpweya, nkhono za likodzo zimabisala m'mizu yake, ndipo ku Liwonde amachita kuchitchinga ndi kuchivuula kuti chisakatseke makina a magetsi ku Nkula.

Zomwe mwathothola musazitaye pagombe kapena kudzala la pafupi. Ziyanikeni pamtunda mpaka ziume gwa, muzitenthe. Pamtunda ndikunena pamene madzi sanafike mu 2024 nyanja itakwera.

China chomwe maso sangaone ndi matenda a zilonda za nsomba, aja a EUS, omwe anapezeka ku Mchinji mu 2020. Amayamba ndi kachilombo konga nkhungu kokhala m'madzi, ndipo zipangizo zonyowa zimakasamutsa. Apa pali njira ziwiri. Yoyamba, nyikani ukonde m'mgolo wa madzi otentha kwa mphindi 15: gawo limodzi owira, magawo awiri ozizira, zomwe zimapereka madigiri pafupifupi 50 ndipo nayiloni saonongeka. Yachiwiri ndi Jik wamba wa 3.5%: masupuni aakulu anayi m'chidebe cha malita 20, zipangizo zikhalemo mphindi 5, kenako mutsukuluze. Musaonjeze muyezo poganiza kuti ndiye zigwira bwino, mungofooketsa ulusi. Madzi a Jik amapha nsomba, atayeni m'dzenje kutali ndi nyanja.

Masiku odikira: nyengo ya dzuwa, masiku 5 boti lili chovundikira ndi ukonde uli pathandala, mukuutembenuza tsiku lililonse. Nyengo ya mvula musawerenge masiku. Pisani dzanja pakati pa ukonde ndi pansi pa matabwa, pakazizira chinyezi ndiye kuti sizinathe.

Mwini maboti, kwa Kachindamoto:

Mayi, zonsezi n'zomveka, koma masiku 5 alovi adya chiyani? Komanso Malombe ndi nyanja yathuyi n'zolumikizana ndi Shire, namasupuni amabweranso yekha ndi mitsinje ndi mphepo. Tikavutitsa wa pa lole yekha tapindulanji?

Nachisale, mlangizi wa zausodzi:

Bambo, funso lanu ndi loona ndipo komiti ikalinyalanyaza lamulo lake silikhalitsa. Masiku 5 ndi a amene sanatsuke ndi madzi otentha kapena Jik. Wotsuka bwino m'mawa, zinthu n'kuuma, sayenera kudikira motero. Ndiye doko likhale ndi migolo iwiri ndi malo osonkhapo moto, mlendo abwere ndi nkhuni zake. Koposa apo, auzeni a komiti ya kumene akuchokera kuti aziyanika asanakweze pa lole.

Za kulumikizana, kumbukirani kuti Shire amatuluka m'nyanja kupita ku Malombe, sabwerera. Chomera cha ku Malombe sichingakwere chokha kudzafika kuno, chimachita kunyamulidwa. Chilwa ndiye alibe n'komwe mtsinje womulumikiza ndi nyanja ino. Zobwera ndi mitsinje sitingaziletse padoko, koma zobwera pa lole tingathe.

Mlimi wa nsomba, Dedza:

Ndionjezeko chimodzi, a BVC. Muziyang'ananso zidebe ndi zigubu za nsomba zamoyo, kaya ndi nyambo kaya mbewu ya padamu. Nile tilapia, nsomba yachilendo yofanana ndi chambo, amawetedwa ku Zambia ndi ku Mozambique, amakula msanga, ndiye alimi ena amakopeka. Kuno kumuweta n'koletsedwa chifukwa amakwerana ndi nsomba za mtundu wa chambo ndi makumba, ndipo mtundu ukasakanikirana sungaubwezenso. Damu la kumtunda kuno likasefukira, madzi ake amathera m'mitsinje ngati Linthipe, Nadzipulu ndi Livulezi, yonse yothira m'nyanja. Kumuzindikira kwake onani chipsepse cha kumchira: chimakhala ndi mizere yakuda yooneka bwino, yotsika kuchokera pamwamba mpaka pansi. Mukakayika, chidebecho musachikhuthulire m'madzi ngakhale nsombazo zitafa. Chisungeni pamthunzi, mujambule mchirawo pafoni, muitane a ofesi ya zausodzi adzaone okha.