Livingstone mpaka Zanzibar ndi ana, ndege kapena sitima?

Wa ku Kabwata: Abale, tikaona mathithi ku Livingstone tikufuna tidutse kuno ku Lusaka kenako Zanzibar, ana ndi ang'ono ndiye mtima uli m'mwamba, tiyende bwanji?

Amai a ku Chelstone: Ndege amai, koma pewani yodikira usiku wonse pa eyapoti, wanga anagona pa chikwama kuzizira, foni yatha moto, chakudya chodula, ndinamva chisoni. Mankhwala ndi zovala zosinthira zikhale m'kachikwama ka m'manja, katundu amatsalira nthawi zina.

Wa ku Matero: Sitima ya TAZARA mukakwerera ku Kapiri Mposhi, makilomita 1,860 kukafika Dar es Salaam ndipo imachedwa, mukatsika mukwerenso boti. Ndi ana ayi ndithu.

Amai a ku Chelstone: Musaiwalenso, Tanzania ili patsogolo ndi ola limodzi.