Kusaka agwape m'nkhalango nthawi ya chisanu: ndiyambire pati, nanga n'koyenera?

Mlenje Wophunzira analemba:

Ndikupereka moni kwa nonse. Ndakhala ku Wisconsin, m'dziko la United States, zaka zitatu tsopano, ndipo mnzanga wa kuntchito, yemwe anayamba kusaka ali mnyamata, wandiitana kuti tikasake agwape a mchira woyera m'nkhalango ya abale ake. Nyengo yaikulu yosaka ndi mfuti, imene imayamba Loweruka lotsogolera tsiku la Thanksgiving (tchuthi cha kumapeto kwa Novembala) n'kutha pakapita masiku 9, yadutsa kale, choncho ife tilowa m'masiku 4 a mu Disembala amene lamulo limalola kupha agwape opanda nyanga okha. Chiphaso ndagula, cha mtundu umene umalola munthu amene sanachite maphunziro a ulenje kusaka ali pambali pa mlenje wodziwa, ndipo kuwombera ndayeserera kangapo.

Mlungu wathawu tinakayendera malowo. Chipale chofewa chinali chofika m'akakolo, ndipo mapazi a agwape anali ponseponse, ena opita uku ena obwerera, koma tinayenda maola atatu osaona nyama ngakhale imodzi. Funso langa loyamba ndi lakuti, kodi kukazizira chonchi agwape amakhala kuti, ndipo munthu ayenera kutsata mapazi kapena kukhala malo amodzi n'kumadikira? Funso lachiwiri ndi limene likundisowetsa mtendere. Ndamva kuti pofika Disembala agwape aakazi ambiri amakhala ali ndi bere, komanso kuti chakudya chimakhala chosowa m'nkhalango. Kodi si nkhanza kukasaka nyama pa nthawi imene ili kale pa mavuto? Ndikufuna kupita, koma ndikufuna kupita ndi mtima umodzi.

Nkhalakale wa Uzimba anayankha:

Achimwene, mwachita bwino kufunsa musanalowe m'tchire. Ndiyankha funso loyambalo, chifukwa ndi limene ndalidziwa ndi miyendo yanga.

Agwape aja anakuonani inu, kapena ndinene kuti anakununkhizani, musanafike n'komwe pamene anagona. Chitetezo chachikulu cha gwape ndi mphuno. Maso ake sasiyanitsa bwino mtundu wa olenji ndi mitundu ina ya m'tchire, n'chifukwa chake chovala chowala chimene lamulo limafuna sichimuthamangitsa, koma amaona msanga chilichonse chimene chagwedezeka, ndipo fungo la munthu likangomufika, nkhani yathera pomwepo. Anthu awiri oyenda akucheza pa chipale chimene chauma pamwamba, chimene chimalira khwaa khwaa pa phazi lililonse, amamveka kutali kwambiri m'nkhalango yopanda masamba.

Kukazizira, moyo wa gwape umakhala pakati pa malo awiri okha, pogona ndi podyera, ndipo amayesetsa kuti mtunda wa pakati pake ukhale waufupi. Pogona amasankha m'mitengo yosayoyola masamba, monga mikungudza yoyera ndi mitengo ya hemlock, chifukwa nthambi zake zimagwira chipale m'mwamba, pansi pamakhala posazama, ndipo mphepo siwomba mwamphamvu. Masana kukawala amakondanso kugona pa zitunda zoyang'ana kummwera, kumene dzuwa limafika. Mukapeza timaenje tozungulira m'chipale, tosungunuka pang'ono pansi, titatu kapena tinayi moyandikana, dziwani kuti mwalowa m'chipinda chawo, ndipo tulukanimo msanga. Podyera ndi m'minda ya chimanga kapena soya imene yakololedwa koma muli zotsalira, pansi pa mitengo ya oak pamene amafukula chipale ndi ziboda kufuna mbewu zake, ndiponso pamene padulidwa mitengo posachedwa, chifukwa amadya nsonga za nthambi ndi timphukira. Yang'anitsitsani kansonga kamene kadyedwa. Gwape alibe mano akutsogolo a m'mwamba, choncho amathyola mokoka n'kusiya kanthambi konyenyeka, pamene kalulu amadula bwinobwino ngati ndi mpeni.

Musatengeke ndi kuchuluka kwa mapazi, chifukwa ambiri mwa iwo anapondedwa usiku. Agwape amene angotuluka m'masiku 9 a kulira kwa mfuti amakhala ochenjera kwambiri, ndipo sayenda poyera kukuwala. Funani mkwaso umodzi wopondedwa kwambiri wochokera kogona kupita kodyera, mukhale chapambali pake pamalo pamene mphepo ikuchokera ku mkwasowo kubwera kumaso kwanu. Mphepo ikatembenuka, nyamukani muzipita, musaumirire, chifukwa mukawononga malowo tsiku limodzi mwawawononga masiku onse anayi. Pa nyengo imeneyi madzulo ndi abwino kuposa m'mawa, popeza m'mawa mumakumana nawo mumdima akubwerera kogona n'kuwabalalitsa. Khalani pansi dzuwa likangopendeka. Nthawi zambiri amatulukira m'mphindi zomaliza zenizeni, ndipo ku Wisconsin nthawi yowombera imatha pakadutsa mphindi 20 dzuwa litalowa, choncho wotchi ikhale pafupi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine ndaona alenje ambiri akunyamuka chifukwa cha kuzizira kutangotsala kotala la ola kuti nyama ifike.

Mayi wa Zachilengedwe anayankha:

Bambo, funso lanu lachiwiri ndalilemekeza kwambiri, ndipo sindikufuna kulipeputsa. N'zoona kuti agwape a kumpoto kwa America amakwerana makamaka mu Novembala, bere limatenga masiku pafupifupi 200, ndipo ana amabadwa kumapeto kwa Meyi ndi mu Juni. Choncho gwape wamkazi amene mungamuphe mu Disembala kawirikawiri amakhala ali ndi bere laling'ono. Koma zimenezi n'chimodzimodzi ndi amene waphedwa kumapeto kwa Novembala, ndipo ngakhale amene waphedwa mu Okutobala akanabereka chaka chotsatira. Cholinga cha masiku osaka agwape opanda nyanga n'chimenechi, kuchepetsa ana obadwa, chifukwa kupha amphongo okha sikuchepetsa gulu, popeza mphongo imodzi imakwera zazikazi zingapo.

Chifukwa chochepetsera gululo chimaoneka bwino kumapeto kwa chisanu. Gwape amalowa m'nyengoyi ndi mafuta amene anasunga m'thupi, ndi ubweya wokhala ndi mphako m'kati umene umasunga kutentha, moti chipale chimatha kukhala pamsana pake osasungunuka. Amachepetsa kuyenda ndi kudya, ndipo amakhala akudya mafuta akewo pang'onopang'ono, chifukwa nthambi zimene amapeza sizikwanira. Boma la Wisconsin limayeza kuopsa kwa chisanu powerenga, kuyambira pa 1 Disembala mpaka pa 30 Epulo, masiku amene kuzizira kwafika madigiri 18 pansi pa ziro pa muyeso wa Celsius ndi masiku amene chipale chazama masentimita 46 kapena kuposa. Masiku oterewa akachuluka, oyamba kufa ndi ana obadwa chaka chomwecho, kenako amphongo amene anaonda pothamangitsa zazikazi mu Novembala. Amafa mu Malichi, ali ndi mimba yodzaza ndi zinthu zosapatsa mphamvu, ndipo mukathyola fupa la ntchafu mumapeza mafuta a m'kati asanduka ofiira ndi amadzimadzi m'malo mokhala oyera ndi olimba. Ndinaonapo zimenezi m'nkhalango ya mikungudza imene nthambi zonse za m'munsi zinali zitadyedwa mpaka pamene gwape woimirira ndi miyendo yakumbuyo amalekezera, ndipo sindikuganiza kuti imfa imeneyo ndi yachifundo kuposa chipolopolo chimodzi cholunjika bwino.

Kumene ndimaona nkhanza ndi kwina. Ndi kuthamangitsa nyama m'malo awo ogona kukuzizira, kuzikakamiza kuwononga mafuta amene zikanapulumukira mu Malichi. Ndi kuwombera patali kapena nyama ikuthamanga, n'kuisiya yovulala. Ndiponso, ngakhale anthu amachita mwachifundo, ndi kuthira milu ya chimanga m'nkhalango pakati pa chisanu, chifukwa mimba imene yazolowera nthambi ikalandira chimanga chambiri mwadzidzidzi imachita asidi woti akhoza kupha nyamayo, komanso milu imeneyi imasonkhanitsa agwape pamodzi n'kufalitsa matenda. M'maboma ang'onoang'ono ambiri a Wisconsin kunyengerera agwape ndi chakudya n'koletsedwa, choncho werengani malamulo a dera limene mukupitalo.

Matenda amene ndikunenawo ndi a CWD (chidule cha chronic wasting disease), amene amawononga ubongo ndipo alibe mankhwala. Anadziwika koyamba mu 1967 ku Colorado, ndipo ku Wisconsin anapezeka mu 2002 kufupi ndi Mount Horeb. Gwape akhoza kukhala nawo kwa nthawi yaitali akuoneka wathanzi. Akuluakulu a zaumoyo amalangiza kuti nyama ya gwape amene wapezeka nawo isadyedwe, choncho mukapha, perekani mutu kuti akaupime, ndipo nyamayo muisunge payokha mufiriji kufikira zotsatira zitatuluka.

Wa Kumpoto kwa Nyanja anayankha:

Ndikugwirizana ndi zambiri zimene zanenedwa, koma ndisiyane pang'ono ndi akulu amene ayankha poyamba. Kudikira malo amodzi kumathandiza kumene kuli minda, chifukwa podyera pamadziwika. M'nkhalango zikuluzikulu za kumpoto, monga ku Maine kapena ku Upper Peninsula ya Michigan, agwape ndi ochepa ndipo chakudya chili chomwazikana, moti munthu akhoza kudikira mlungu wathunthu osaona kanthu. Kumeneko kutsata mapazi pa chipale chimene changogwa usiku ndi luso lenileni. Phazi latsopano limakhala ndi m'mphepete mwakuthwa ndipo pansi pake ndi pofewa mukakhudza ndi chala, pamene lakale limakhala litauma gwa. Mapazi akasiya kulunjika n'kuyamba kukhotakhota, nyama ikudya apa ndi apo, ndiye kuti ili pafupi kugona, ndipo kawirikawiri imazungulira n'kukagona poti izitha kuona m'mbuyo mmene yadzera. Pamenepo mlenje amaponda kawiri n'kuima mphindi yathunthu. Komabe ndikuvomereza kuti kwa munthu woyamba, amenenso lamulo likufuna kuti akhale pafupi ndi mnzake moti n'kugwirana dzanja, kudikira ndiye kwanzeru.

Nkhalakale wa Uzimba anawonjezera:

Zimenezo n'zoona, ndipo sinditsutsa. Ndabweranso chifukwa ndinasiya zinthu ziwiri zimene sindikanayenera kusiya.

Choyamba ndi thupi lanu. Chimene chimazizira munthu podikira ndi thukuta limene anatuluka poyenda. Nyamulani chijasi chachikulu m'chikwama, muyende mutavala zopepuka, mukavale mutafika. Pewani zovala za thonje pakhungu, chifukwa zikanyowa siziuma, ndipo valani za ubweya wa nkhosa. Mukayamba kunjenjemera kosaleka, zala zikukanika kugwira zipi, kapena mnzanu akuyamba kulankhula mosokonekera, ulenje wathera pomwepo, bwererani kukawotha. Chovala cha olenji wowala kapena pinki wowala chiphimbe osachepera theka la thupi kuyambira m'chiuno kupita m'mwamba, ndipo chipewa nacho chikhale chotero. Ngati mudzakwera pa nsanja ya mumtengo, mangani lamba wotetezera kuyambira pansi penipeni, popeza makwerero amaterera ndi madzi oundana, ndipo mfuti ikwezedwe ndi chingwe ilibe chipolopolo.

Chachiwiri ndi zimene zimachitika mfuti italira. Dikirani gwape aime chopingasa, mulunjike kuseri kwa mwendo wakutsogolo, m'munsi pang'ono mwa pakati pa chifuwa, pamene pali mapapo ndi mtima, ndipo muonetsetse chimene chili kuseri kwake. Onetsetsaninso mutu, chifukwa amphongo ena amayamba kugwetsa nyanga kumapeto kwa Disembala ndipo ana amphongo amakhala ndi timatuza chabe. Mukawombera musathamange. Sungani m'maso mtengo umene nyama inaima ndi pamene yalowera. Chipale chidzakuuzani zonse. Magazi owala okhala ndi thovu ndi a m'mapapo, ndipo nyamayo siili kutali. Magazi akuda bii ndi a chiwindi, ndipo muyenera kudikira maola angapo. Mukaona zobiriwira zonunkha, mwalasa m'mimba, ndipo muyenera kudikira nthawi yaitali kuposa pamenepo. Ine ndili wamng'ono pa ulenje ndinalasa gwape wamkazi m'chiwindi, ndipo chifukwa cha phuma ndinamutsata nthawi yomweyo. Ndinamudzutsa pamene anagona, pamene akanafera ndikanangomusiya, ndipo anathamanga kukalowa m'dambo la madzi oundana theka. Tinamupeza m'mawa mwake ankhandwe a kuno, amene amatchedwa coyote, atadya kale ntchafu zonse. Papita zaka zambiri koma malo amenewo ndimawakumbukirabe ndikamadutsa.

Mukamupeza, mutumbuleni pomwepo. Anthu amaganiza kuti kuzizira kusunga nyama, koma ubweya uja umene umateteza gwape wamoyo umatsekeranso kutentha m'kati mwa wakufa, ndipo mbali imene yagona pansi ikhoza kuwonongeka usiku umodzi ngakhale pa chipale. Tsegulani chifuwa, muike kamtengo kuti mphepo izilowa. Musaiwale kumulembetsa ku boma isanakwane 5 koloko madzulo a tsiku lotsatira.

Mlenje Wophunzira anayankha:

Zikomo kwambiri nonse, makamaka mayi amene mwayankha za bere ndi njala ya mu Malichi, chifukwa mwandionetsa pamene nkhanza ili yeniyeni. Ndamuwerengera mnzanga zonsezi pa foni. Akuti kummawa kwa malowo kuli munda wa chimanga umene unakololedwa mochedwa, ndipo kumpoto kwake kuli chigwa cha mikungudza chimene ife tinadutsamo pakati penipeni mlungu wathawu, osadziwa kuti tikuponda pogona pawo. Tagwirizana kuti sitilowamonso. Loweruka masana tikayang'ana mkwaso tili m'mphepete mwa munda, tikasankhe malo awiri okhala, amodzi a mphepo yochokera kumadzulo ndi ena a mphepo yochokera kummwera, ndipo ndapeza kale kumene amalandira mitu yokapima m'tauni yapafupi.